Mbale Yabuluu Yodutsa Pampanda

1

Ine sindine munthu wokuwa. Ngakhale kutchalitchi, anzanga akamaimba mokweza, mawu anga amathera pamilomo. Koma chilimwe chathachi ndinakuwa pamalo pamene ngakhale kutsokomola n'koletsedwa, ndipo mpaka lero ena amandiloza ndi milomo ndikamadutsa mumsika. Ndati ndikufotokozereni ndekha, poti nkhani ikamayenda m'kamwa mwa anthu imamera nyanga.

Ine ndi amuna anga tili ndi kamalo kogulitsira chakudya kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Timaphika mpunga, nkhuku, nyemba ndi tiyi. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi. Tinkamutchula kuti Kachiwala chifukwa ali wamng'ono sankayenda ngati anzake, ankangodumphadumpha. Zaka zingapo zapitazo, ine ndili kuchipatala kudwazika mayi anga, mwanayu anachoka panyumba. Nditabwerako ndinapeza bedi lake loyala bwino, nsapato zake palibe.

"Wathawa ndi gulu la zisudzo," anatero amuna anga, maso ali pansi. "Akuti tisamufunefune."

Ndinamufunafuna ndithu. Foni yake inali yotseka. Anzake ankangopukusa mitu. Ndinafunsa madalaivala a mabasi mpaka anayamba kundizemba. Potsiriza ndinangosiya nkhaniyo m'manja mwa Mwini wake, n'kumaitchula m'mawa uliwonse ndisanayatse moto.

Amene ndinatsala naye padziko pano anali mwamuna ameneyu basi. Sitinkalankhulana zambiri, koma ankandisungira madzi otentha osamba, ndipo ndikagona pampando ankandifunditsa. Musaiwale zimenezi pamene mukuwerenga: ndinalibenso wina.

2

Chaka chilichonse nyengo yotentha ikafika, kupaki yaikulu ya mumzinda kumakhala chikondwerero cha masewero a panja. Amamanga nsanja pansi pa mitengo n'kuzunguliza mpanda wamatabwa. Anthu amabwera chakumadzulo dzuwa likadali m'mwamba, ndipo pomwe pali anthu pamakhalanso njala. A matumba olemera amayamba adya kuhotela ya tsidya lina la msewu, kumene matebulo amavala nsalu zoyera. Ena amabwera ndi madengu awo n'kuyala nsalu pakapinga. Otsalawo amadalira mzere wa matenti kunja kwa mpanda: wokazinga tchipisi, wootcha masoseji, wa makeke, wa zakumwa zozizira.

Chichokereni Kachiwala, amuna anga sankafuna kumva za zisudzo m'nyumba mwathu. Ndiye ndinadabwa atabwera tsiku lina n'kunena kuti atipezera malo kuchikondwereroko. Ndinadabwa kwambiri nditawaona malowo. Anali kumapeto kwenikweni kwa mzere, kuseri kwa nsanja, pafupi ndi kachipata kolowera kumatenti a osewera. Kasitomala ankafika kumeneko pokhapokha mizere ya anzathu ikamutopetsa.

"Bambo, malo onsewa mwasankha kuno kumigolo ya zinyalala?"

"Kuli mthunzi," anatero.

Ndinayang'ana m'mwamba. Kunalibe ngakhale tsamba.

Tsiku loyamba anatisonkhanitsa bambo woyang'anira ogulitsa, wamtali, wowonda, wa belu m'manja. Ogulitsa akale ankawatchula kuti a Chete.

"Lamulo pano ndi limodzi," anatero. "Belu likalira, sewero layamba. Moto wokazingira muzimitse. Palibe kugogoda mphika, palibe wayilesi, palibe kuseka. Supuni ikagwa kuno imamveka mpaka mpando wakutsogolo. Belu likaliranso ndiye nthawi yopuma, gulitsani mmene mungathere. Wophwanya lamulo apakira."

"Nanga munthu kuyetsemula kukakupeza?" anafunsa mayi wa makeke.

"Mumeze."

Choncho ife ophika masewero timangowamva, kuwaona ayi. Timakhala pamabokosi manja ali pamiyendo, kumvetsera mawu odutsa m'matabwa. Khamu likati "aaa" timadziwa kuti wina wafa. Likaseka, wa tchipisi amaseka nawo m'chipewa chake, osadziwa n'komwe chaseketsa.

Mayi wa makeke uja anali neba wathu, wamasiye, wonenepa bwino, wa mtima wofewa ngati makeke akewo. Ataona dzuwa likundiwotcha anasunthira ambulera yake kumbali kwanga. Masana ankandiponyera kachidutswa ka ayisi m'kapu. Iyeyu ndiye anali ndi chilolezo cholowa pakachipata kaja, chifukwa ankapereka tiyi ndi makeke kwa osewera.

3

Tsiku lachiwiri ndinaona mbale ina. Makasitomala tinkawapatsira m'mbale zapulasitiki, koma iyi inali yakunyumba, yabuluu, yobenthuka pang'ono m'mphepete. Amuna anga anapakuliramo mpunga wapakati pa mphika, anasankha ntchafu ya nkhuku yonona, anathira msuzi, n'kuvundikira ndi kansalu koyera. Kenako ananong'oneza mayi wa makeke. Mayiyo anaibisa pansi pa thireyi yake n'kulowa nayo pakachipata.

"Mbaleyi njandani?" ndinafunsa.

"Kasitomala."

"Kasitomala wodyera m'mbale yakunyumba?"

"Mayi, mpunga ukupserera uwo."

Mpunga sunkapserera.

Masiku oyamba mbaleyo inkabwerako chakudya chili chomwecho, chosakhudzidwa. Amuna anga ankavundukula n'kuima nayo ngati munthu amene wakanidwa pachibwenzi. Mawa lake ankapakulanso. Kenako tsiku lina inabwerako yopepuka, ndipo ndinawamva akuimba chamumtima, chinthu chimene ndinali nditaiwala kuti amatha. Anathamangira nayo kubeseni n'kuitsuka okha. Munthu amene m'banja lathu lonse sanadziwepo pomwe sopo amakhala!

Anayamba kumeta ndevu tsiku lililonse. Malaya a Lamulungu anakhala ovala pophika.

Pamzere wa ophika palibe chinsinsi, poti maso sagwira ntchito ina belu likalira. Wa tchipisi ndiye anayamba.

"Madala, mwapezako kanthu kunsanjako eti? Chenjerani, amenewo kulira ndi ntchito yawo. Akulirirani misozi yapasewero mpaka mugulitsa miphika!"

Mzere wonse unaseka. Wa masoseji anandiyang'ana mwachisoni, ndipo chisoni chakecho chinandipweteka kuposa kusekako. Ndinapita kuseri kwa mgolo wa madzi ngati ndikukatunga. Ndinagwada pafumbi. "Ambuye," ndinatero, "mwana munalola kuti apite. Uyunso? Ndiye ndizifunditsidwa ndi ndani?"

Sindinamve yankho. Ndinangomva belu.

4

Ndinamudikira mayi wa makeke pa nthawi ya sewero, amuna anga atapita kukataya madzi. Tangoganizani akazi awiri akukangana monong'ona, mitu itagundana ngati akupemphera.

"Anzanga, ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Mumandipatsa ayisi ndi dzanja ili, dzanja linali mukunyamula mbale yondipasulira banja."

"Si choncho ayi."

"Ndi mkazi?"

Anazengereza. "Ndi mkazi."

"Wamng'ono?"

"Wamng'ono."

Ndinagwira mwendo wa tebulo kuti makapu asalire.

"Ndilowetseni ndikamuone. Sindikamumenya. Sindinamenyepo munthu ine."

"Chilolezo n'cha munthu mmodzi. Komanso anandilumbiritsa bambowo. Akuti mukadziwa nthawi isanakwane, zonse ziwonongeka." Misozi inalengeza m'maso mwake. "Afunseni okha, chonde. Ine katundu ameneyu wandilemera."

A Chete anadutsa chala chili pamilomo, n'kutiyang'ana mokwiya. Tinasiyana.

Kufunsa ndinafunsa, tili m'galimoto yobwerera kunyumba, miphika ikulira kumbuyo. Amuna anga anangoti, "Ndipatseni masiku ochepa, mayi." Masiku oti atani? Oti amalize kukonzekera kundisiya? Titafika ndinatulutsa chikwama pansi pa bedi n'kulongedzamo zovala zanga ndi buku la nyimbo. Ndinatsimikiza kuti chikondwerero chikangotha ndipita kwa achimwene anga. Ndinaona kuti kuli bwino kuchoka ndekha kusiyana n'kudikira kuti andiuze.

5

Litatsala tsiku limodzi kuti chikondwerero chithe, gasi anatithera sewero lamadzulo litatsala pang'ono kuyamba. Amuna anga anasenza silinda n'kuthamanga nayo kokadzazitsa. Ali komweko mayi wa makeke anatuluka pakachipata. Anayang'ana uku ndi uku, sanawaone, ndiye anakankhira mbale ija pansi pa tebulo lathu. Nthawi yomweyo belu linalira, ndipo mzere wonse unati zii.

Kanali koyamba mbaleyo kukhala ndi ine isanatsukidwe.

Ndinaitola. Ndinkafuna chiyani, sindikudziwa. Mwina utoto wapamilomo pa supuni, kanthu koti ndimudane nako bwino mkaziyo. Ndinachotsa kansalu.

Mpunga unali utatha, fupa lili mbuu. Koma m'mphepete mwa mbale, kuzungulira konse, munali anyezi. Kachidutswa kalikonse kanali katatoledwa mumsuzi n'kuikidwa pambali pa kanzake, mwadongosolo, ngati mkanda. Pobenthuka paja pokha ndi pomwe panali posiyidwa.

Anthu odana ndi anyezi alipo ambiri. Amakankhira pambali, ena amataya pansi. Koma woika chonchi ndimadziwa mmodzi. Ndinakalipira mkanda umenewu kuyambira mwini wake asanayambe sukulu. "Anyezi akudikira kukwera basi, amayi," ankatero. "Pobenthukapo ndi pakhomo pokwerera."

Ndinaika mbaleyo pamiyendo kuti isagwe. Kuseri kwa matabwa sewero linali mkati, la gulu limene linali lisanasewerepo chiyambireni chikondwerero. Mwamuna wina ankalankhula, kenako nkhalamba yaikazi inamuyankha ndi mawu onjenjemera opangira dala. Sindinawazindikire. Koma nkhalambayo inaseka, ndipo kumapeto kwa kusekako kunali kantchintchi kamene kamamugwira mwana wanga akaseka kwambiri.

Ndinayang'ana mayi wa makeke. Anali atatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Mawa lake magulu onse anali oti apakira n'kubalalika, aliyense njira yake. Pachipata sakanandilola. Amuna anga kunalibe. Ndinaona kuti mwana wanga ali kuseri kwa thabwa limodzi, ndipo ndikakhala chete monga mwa lamulo, anditayikanso.

Ndinakwera pabokosi, kuchoka apo patebulo. Zivundikiro za miphika zinagwa n'kugubuduka, phokoso ngati denga likusasuka. Mutu wanga unatulukira pamwamba pa mpanda. Ndinaona khamu la anthu litakhala pakapinga, ndi pansanja munthu wa wigi yoyera, nkhope yopakidwa makwinya, atagwada pambali pa wina wogona ngati wafa. Panali pachimake penipeni pa sewero, pamene aliyense anali atagwira mpweya.

"Kachiwalaaa!"

Sindinkadziwa kuti m'chifuwa mwanga muli mawu otero. Mbalame zinauluka m'mitengo. Anthu ena anaseka, kuganiza kuti ndi mbali ya sewero. Nkhalamba ija inatembenuka ndi liwiro la mtsikana. Inandiyang'ana. Inatsegula pakamwa kuti ipitirize mawu ake, koma sanatuluke. Wakufa uja anadzutsa mutu kuti aone chachitika n'chiyani, ndipo khamu linafa nacho chiseko. Mwana wanga anaimirira n'kuthawa pansanja, wigi ili m'manja.

"Wamisala! Mutsitseni!"

Mafoni anali m'mwamba, onse kuloza ine. Alonda anandigwira miyendo. Sewero linathera pomwepo.

6

Amuna anga anafika ndi silinda paphewa n'kupeza anthu atazungulira tenti yathu, ine nditakhala pansi, mbale yabuluu ili pachifuwa. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kutula silindayo pang'onopang'ono.

"Lamulo mukulidziwa," anatero a Chete. Kenako anawonjezera motsitsa mawu: "Koma musavutike kupakira lero. Mudzatenge katundu mawa masana." Anabalalitsa anthu ndi belu lawo. Wa tchipisi, yemwe uja wonyoza, ankatola zivundikiro zanga n'kumazipukuta ndi malaya ake.

Titatsala awiri ndinati, "Bambo, bwanji osandiuza?"

Anakhala pabokosi. Anavula chipewa.

"Chifukwa ndikanakuuzani kuti ali kuno, mukanakumana. Mukanakumana, mukanadziwa."

"Kudziwa chiyani?"

"Sanathawe, mayi. Ndinamuthamangitsa ndine."

Anafotokoza maso ali padothi. Ine ndili kuchipatala, mwanayo anawauza kuti wasiya kosi yake ya unamwino, akufuna zisudzo. Anakangana. Iwo anamutulutsira chikwama panja. Iye atati adikira kaye mayi ake, anamuuza bodza: kuti ine ndalamula pafoni kuti ndisadzamupeze panyumba.

"Ndinkati agona kwa anzake, abwerako mawa atachita manyazi. Sanabwere. Chaka chino dalaivala wina anandiuza kuti gulu lawo libwera kuno. Ndinapita kumatenti kwawo, anakana kundiona. Ndiye ndinati mwina chakudya chikalankhula pomwe ine ndalephera. Ndimati ndiyambe ndamufewetsa, kenako..."

"Kenako mundiuze bodza lina?"



"M'mawa uliwonse munkandimva ndikupemphera," ndinatero. "Munkandimva ndikufunsa Mulungu chimene ndinamulakwira mwana wanga. Yankho lili m'kamwa mwanu, inu n'kumandifunditsa bulangete."

Analira. Ndinali ndisanawaonepo akulira, koma ndinalibe malo mumtima owamvera chisoni. Mantha anga anali pena. Mwana amene ankakhulupirira kuti mayi ake anamukana, lero mayi yemweyo wamuchititsa manyazi pamaso pa mzinda wonse, mwinanso kumuchotsetsa ntchito. Akanabweranso chifukwa chiyani?

7

M'mawa mwake ndinaphika kunyumba, mukamphika kakang'ono. Mpunga, ntchafu ya nkhuku, msuzi wa tomato. Anyezi sindinaikemo ngakhale kachidutswa. Ndinapakulira m'mbale yabuluu, ndipo titafika kupaki ndinaipereka kwa mayi wa makeke.

"Ndikanene chiyani?"

"Musakanene kanthu."

Tinayamba kugwetsa tenti. Ndinkapinda nsalu n'kuipindulanso, maso ali pakachipata. Dzuwa linafika pamutu. Miphika yonse inakwera m'galimoto. Dalaivala analiza hutala.

Kachipata kanatseguka, Kachiwala anatuluka. Anali atawonda, tsitsi lalifupi, utoto wa dzulo utatsalira kuseri kwa khutu. Anayenda molunjika kwa ine, mbale ili m'manja, n'kuima patali pang'ono.

"Munalibe anyezi," anatero.

"Eya."

"Amayi, mwandiyalutsa. Aliyense ali ndi ine pafoni yake. Wakufa mpaka anadzuka."

"Ndikudziwa, mwanawe. Ndikhululukire."

"Munthu woti simunkafuna kudzandipeza panyumba, mukukuwiranji dzina langa pampanda?"

Ndisanatsegule pakamwa, amuna anga analankhula kumbuyo kwanga. "Mayi ako sananenepo zimenezo. Ndinapeka ndine. Iwo anauzidwa kuti unathawa."

Kachiwala anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine, ndipo sindikudziwa amene anayamba kusuntha. Ndinangopezeka nkhope yanga ili m'khosi mwake, mbale itapanikizika pakati pathu. Ankanunkhira sopo wachilendo, koma pansi pa sopoyo anali yemwe uja.

Atandisiya anavundukula mbale. Munali tikiti imodzi.

"Abwana a gulu atipatsa mwayi wobwereza lero potsekera. Akuti anthu aguliratu malo onse, akufuna aone ngati amisala aja abwerenso." Anapukuta m'maso. "Mukhale kutsogolo. Koma amayi, chonde, mukhale chete."

Ndinayang'ana tikitiyo, ndinayang'ana amuna anga. Kachiwala sanawayang'ane.

"Pitani, mayi," anatero iwo. "Ine ndimvera kuseri kwa mpanda. Ndazolowera."

Madzulo amenewo ndinaonera sewero koyamba m'moyo wanga. A Chete anandiperekeza okha pampando, chala chili pamilomo, koma maso akuseka. Ndinamva pambuyo pake kuti anawabwereka amuna anga bokosi lokhalira, ndipo mayi wa makeke anawasunthira ambulera.

8

Owerenga anzanga, musayembekeze kuti ndikuuzani kuti zonse zili bwino. Kachiwala amandiimbira foni Lamulungu lililonse, koma m'nyumba mwathu sanalowebe. Bambo ake akalandira foniyo amangowapatsa moni n'kufunsa ngati ndilipo. Chikwama changa chija chikadali pansi pa bedi, chosamasula. Ndimapempha Mulungu kuti andiphunzitse kukhululuka, ndipo masiku ena ndimamuuza moona kuti lero sindikufuna kuphunzira.

Ngati m'nyumba mwanu muli nkhani imene mwaivundikira ndi kansalu, ganizirani amene akugona pambali panu akudziimba mlandu umene si wake. Madzi otentha ndi bulangete n'zabwino, ine ndimaziona ndipo sindizipeputsa, koma sizilowa m'malo mwa mawu. Ndipo inu amene munandijambula pampanda paja, sekani ndithu. Mukanakhala ndi mbale ija pamiyendo, sindikudziwa ngati mukanameza.

Mbale yabuluu ili pashelefu, palibe amene amadyeramo. Koma ndaona chinthu china kukhitchini kwathu. Masiku ano amuna anga akamadula anyezi wa msuzi, amadula zidutswa zikuluzikulu, zosavuta kutola. Makasitomala adandaula kale. Iwo sasintha, ndipo ine sindinawafunse.